Dzina la Bwana Pakati pa Mkuwa

Kabwata, Lusaka

Okondedwa alongo anga a Gilson,

Moni kuchokera kuno ku Lusaka. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Katete, inu ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amama uja unaphwa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima muli nseru, ndipo ndi chifukwa chake ndakhala pansi kukulemberani.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku Woodlands kwa ba Norbert, kumene timapanga timabokosi toyendetsa mapampu a sola. M'kabokosi mumakhala bolodi yobiriwira, ndipo amene amaijambula pakompyuta ndine. Pamwamba ndimajambula tinjira tamkuwa toyendamo magetsi. Kunsi kwake ndimauza pulogalamu kuti ithire mkuwa ponseponse, pakhale bwalo limodzi losadukiza. Bwalo limeneli timaliti graundi. Magetsi akagwira ntchito yake amabwerera kudzera pamenepo, ndipo safuna kuzungulitsidwa. Mukalidula bwalolo, kabokosi kamasokonezeka mutu.

Bolodi ya chaka chino ndinaivutikira kwambiri, ndipo nditamaliza ndinainyadira. Kenaka ndinadwala malungo, ndinagona kunyumba sabata yathunthu. M'masiku amenewo ba Norbert anatsegula ntchito yanga. Anaona bwalo lija lili see, nati malo akungowonongeka. Analembapo dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu zoboola mkuwa, n'kukoka mzere pansi pake kuchokera mbali ino mpaka pafupi ndi mbali inayo. Graundi inatsala yogwirana ndi kakhosi kochepa ngati ulusi.

Mnzanga wa pantchito, Besa, anadzandiuza pambuyo pake kuti pulogalamu inawachenjeza ndi zizindikiro zofiira. Iye anawauza kuti dzina likhoza kulembedwa ndi utoto woyera pamwamba popanda kuwononga kanthu. Iwo anayankha kuti utoto umafufutika koma mkuwa umanyezimira, ndipo anazimitsa machenjezowo n'kutumiza kunja kuti mabolodi akapangidwe. Nditabwerera bwana anangondifunsa m'Chibemba kuti shani, mwapola? Za bolodi sanatchule.

Mabolodi atafika anapita kwa omanga timabokosi, ine osawatembenuza. Ndinadziwira ku Chelstone, kwa amayi ena amasiye, ba Lukonde, amene amalima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba n'kumaphunzitsira ana. Pampu yawo ikangoyamba, kabokosi kankazima n'kuyakanso. Tsiku lina madzi anatsika m'chitsime, kabokosi sikanazindikire, pampu inazungulira pouma mpaka kupsa. Nditafika ndi bwana ndinapeza repu atagona pansi, tomato atafota ndi maluwa ake. Ndinatsegula kabokosi, ndinatembenuza bolodi, ndipo dzina la bwana linandiyang'ana likunyezimira.

Alongo anga, chimene chinandinyansa kwambiri si chimenecho. Ba Norbert anaimirira pomwepo, pamaso pa amayiwo, nanena kuti atsikana a masiku ano amatuluka kukoleji ndi mapepala okhaokha, ndipo kuti andikhululukire ndikadali kuphunzira. Amayi aja anandigwira dzanja nati ndisadandaule, aliyense amalakwitsa. Munthu dimba lake lauma, n'kumanditonthoza ine! M'galimoto pobwerera ndinawafunsa bwana chifukwa chimene ananamira. Anaseka, nati kampani ikachita manyazi tonse tigona ndi njala, koma ine ndine mwana, manyazi anga sachedwa kupola. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Masiku otsatira ine ndi Besa tinakhala tikupala utoto wobiriwira pa bolodi iliyonse n'kuwotcherera timawaya todumpha mzere uja, kuti bwalo ligwirane. Zikugwira ntchito, koma zikuoneka ngati chilonda chosokedwa ndi munthu woledzera. Pakompyuta ndinafufuta dzinalo, ndinathiranso mkuwa, machenjezo onse anatha. Loweruka bwana anatengera timabokosi tosokedwato ku Kabulonga kukaonetsa alimi akuluakulu, nawauza kuti timawayato ndi nzeru yatsopano imene anatulukira okha. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinasiya mbale yanga ya chakudya patebulo n'kutuluka.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Chelstone. Ndinawauza ba Lukonde zonse mmene zinayendera, ndi kuti pampu yawo ayenera kubweza ndi bwana. Anavala nsapato nati Lolemba ndidzawapeza pageti pa kampani yathu. Anafikadi, ndipo mawu awo anamveka mpaka kumsewu. Pampu yatsopano bwana anawaikira. Ine anandiuza kuti mwezi ukatha ndisadzabwerenso. Musade nkhawa, achibale a Besa ali ndi shopu yokonza mainiveta a magetsi a sola ku Kamwala ndipo akufuna munthu. Ndi pafumbi ndi paphokoso, koma ndidzapuma bwino.

Pempho langa ndi limodzi. Kabokosi kamene ndinakutumizirani pabasi mwezi watha ndi ka gulu lomwelo, kosasokedwa. Chonde musakalumikize ku pampu ya kudimba, ngakhale anzanu a m'kalabu ya ulimi akukakamizeni bwanji. Pampu ija munaigula pamodzi, ikapsa adzaloza inu. Mukapatse alamu a Helen akamabwera kudzaoda zitenje, ndidzakakonze ndi manja anga. Pakadali pano pitirizani kuthirira ndi makeni, pepani.

Mundiperekere moni kwa amama, muwauze nkhaniyi pang'onopang'ono atadya kale. Moni kwa alamu, kwa amalume a Chalwe, kwa azakhali ku Chadiza, ndi kwa ana onse. Emmy mumuuze alimbikire masamu, ntchito imeneyi ndi yabwino, oipa ndi anthu.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Thandazani