Kiyi wa Mpopi Ali ndi Apongozi

Lamulungu, 4 Juni

Tsiku lamanyazi. Ndilembe mutu usanazizire.

Apongozi anabwera masana ndi mnzawo, mayi Kulyash, aja anapita ku Maka chaka chatha. Ine m'galaja, kuwotcherera geti la munthu. Mkazi wanga Raushan kukhitchini. Samovari, chiketulo chathu cha nkhuni chokhala ndi kampopi, osawira, nkhuni zonyowa. Alendo ali patebulo, timbale ta tiyi touma.

Meruert wanga, zaka zisanu. Agogo ake akhala akumuphunzitsa kuthira tiyi: tsegula kampopi ka samovari, thira pang'ono chabe, kudzaza kambale n'kuthamangitsa mlendo. Pereka ndi dzanja lamanja, lamanzere ligwire chigongono. Mlendo asakhale ndi kambale kouma, zivute zitani.

Mwana waona samovari ili zii. Wakumbukira kuti pakhonde pali mpopi wina. Wanga. Wa mowa. Firiji yakale ya malemu bambo, ndinaiboola chitseko ndekha, kamgolo m'kati, mowa wofulula ndekha. Palibe anandiphunzitsa. Mumzinda wa Karaganda muno ndani ali ndi chotere?

Wathira timbale tiwiri. Pang'ono chabe, mwaulemu. Dzanja lamanja, chigongono chogwira. Akuti mayi Kulyash analandira, kudalitsa mwana, kufikitsa pamphuno, n'kuika pansi pang'onopang'ono ngati dzira.

Kukuwa kwa Raushan ndinakumva makina akulira.

Choyamba ndinanyamula mwana, kumununkhiza m'kamwa. Sanalawe. 

Apongozi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Mkamwini, samovari yanu imawira msanga kuposa yathu."

Chigamulo cha Raushan madzulo: pa 17 tikuchita mwambo wodula chingwe cha m'miyendo ya khanda lathu Dastan, wayamba kuima yekha. Nyumba idzadzaza ana a abale. "Mwana aliyense akadzangotulutsa dontho, firiji ikupita kwa ogula zitsulo zakutha. Ndidzaikankha ndekha."

Ndinati ndamva. Ndinanenanso zina. Sindizilemba.

Lolemba, 5 Juni

Ndachotsa chogwirira cha mpopi. Chimangopotoloka. Patsala kachitsulo kafupi. Ndinati nkhani yatha.

Ndinamukhazika Meruert pabondo, kumuuza zoona. Ine ana sindiwanamiza za afiti okhala m'firiji. Ndinati uwu ndi mowa, wa akuluakulu, mwana akamwa amadwala kwambiri, ndipo alendo ngati mayi Kulyash samwa. Anamvetsera, maso gwa.

Funso lake: "Nanga amalume a Vitya si mlendo? Iwo amamwatu."

Vitya ndi neba wathu. Amamwadi. Ndinati amenewo ndimawathirira ndekha.

"Nanga mukakhala m'galaja? Akhale ndi kouma? Agogo anati n'zamanyazi."

Ndiyankhe chiyani? Ndinene kuti agogo ako analakwitsa? M'nyumba muno? Ndikufuna kukhala moyo.

Vuto ndi limeneli. Mwanayu si wosamvera. Ndi waulemu mopyola.

Madzulo wandionetsa yekha, monyadira: kachitsulo kaja kamakokeka ndi supuni ya tiyi. Thovu pansi ponse. Ndinakolopa Raushan asanaone. Tsiku la chiweruzo ndi 17, osati lero, koma bola asaone.

Lachinayi, 8 Juni

Kusitolo ya zinthu za makanda. Mwamuna ndekha, manja akuda ndi mwaye. Kamtsikana kogulitsa kanandipatsa timalamba tapulasitiki totsekera makabati. Mtengo wake ngati n'tagolide. Ndinakauza pamaso kuti uku n'kuba. Ndinagula.

Ndinamanga mpopi ndi tiwiri. Meruert anatsegula ine ndisanataye pepala lake. Kenako n'kumuonetsa Dastan pokanikiza. "Ona, Dastan, apa." Mlongo wabwino.

Dastan naye. Amakwawa mpaka pakhonde, kugwira kathireyi kolandira madontho, kudzikoka, kuima. Dzanja m'mwamba. Patsala pang'ono kuti afikire. Mano awiri, kuseka ngati wapeza mgodi.

Vitya anaima pampanda, kuseka mpaka kutsokomola. "Baglan, iwe umatseka mageti a anthu olemera, wakanika kampopi?" Akuti pa intaneti pali maloko ake enieni a mipopi, ochokera kunja. Ndinayang'ana. Angafike phwando litapita, ndipo ndani akudziwa ngati angakwane pa mpopi wanga. Komanso ine, wowotcherera, ndigule loko kwa munthu amene sanaonepo firiji yanga?

Nyama ya phwando yadula. Mlamu walonjeza mwendo wa hatchi. Tiona.

Loweruka, 10 Juni

Tsiku lonse m'galaja. Kakhola kachitsulo kovindikira mpopi wonse, timipata toti chala cha mwana sichingalowe. Ndinayesa ndi pensulo, ndi supuni, ndi singano yolukira ya Raushan. Palibe chofika.

Chala chachikulu ndapsa. Chizolowezi.

Sindinawotcherere pachitseko penipeni, moto ukanawononga za m'kati. Ndamanga ndi mabawuti awiri. Olimba.

Vitya anabwera kudzaona. Ndimayembekeza kuti aseke. Sanaseke. Anatsegula chitseko cha firiji, kuchitseka, chinalira kuti khwa. Mafiriji akalewa ali ndi chokowera, m'kati sungatsegule. Anati, "Iwe ukuopa mowa. Ine ndikuopa ichi. Ana akamabisalirana paphwando, wina n'kulowa umu?"

Pambali pa kamgolo pali malo. Okwana Dastan bwinobwino.

Ndinakhala pansi pomwepo. Zaka zonsezi chinthu chili pakhonde langa, ine osaganiza. Ndinachotsa chokowera nthawi yomweyo, kuchiponya kutali. Ndawonjeza mpiringidzo wodutsa pachitseko, ukukumana ndi kakhola. Loko mmodzi akutseka zonse ziwiri.

Vitya ndi chitsiru pa zambiri. Lero ayi. Ndinamuuza choncho, mawu omwewa. Anati zikomo.

Raushan anayendera ntchito, manja m'chiuno. "Ikuoneka ngati ndende." Ndinati ndi ndende. Anagwedeza kakhola, sikanasunthe. Tiyi wanga anaikamo jamu wa matcheri amene amabisira alendo.

Kiyi ndapachika pamsomali pamwamba pa chitseko cha khitchini. Wachiwiri ndinamutaya kalekale, loko ndi wakale.

Lamulungu, 11 Juni

Kutentha. Vitya wafika ndi nsomba youma, tikondwerere ndende. Ndikupita pamsomali. Msomali wokha.

Ndinasanthula nyumba. Ndinakalipira Raushan, ndinakalipira mphaka. Kenako Meruert, ali phee: "Ndinakwera pampando. Ndapatsa agogo."

Apongozi anadutsa m'mawa kudzasiya ufa. Makiyi onse a kwawo, a bokosi lawo lamatabwa, a chipinda chosungira nyama, amakhala m'thumba la m'kati mwa chovala chawo, pa chingwe. Anamuuzapo mwana kuti makiyi a pakhomo amasunga ndi mayi wamkulu. Ndiye mwana waona kiyi ali yekhayekha pamsomali, wamuperekeza kwawo.

Ndinatenga makina odulira zitsulo. Raushan anaima pakhomo la galaja. "Dulani. Mukadula ndiye kuti chimatseguka. Chikatseguka, mukudziwa kumene chikupita."

Ndinati ine si mwana. Anati, "Lero mukuoneka ngati."

Tinadya nsomba youma ndi tiyi. Amuna awiri akuluakulu, pafupi ndi kamgolo kodzaza kozizira. Meruert ndiye amathira. Pang'ono chabe, mwaulemu. Vitya misozi ili mbwe ndi kuseka.

Lachitatu, 14 Juni

Ndapirira mokwanira. Ndinavala malaya oyera, ulendo kwa apongozi.

Ndinalankhula mosazungulira, monga ndimachitira. Amayi, kiyi wanga. Anandithirira tiyi. Anandifunsa za geti, za chala, za mwendo wa hatchi. Tiyi wina. Kiyi ndikumumva akulira m'chovala akamawerama.

Pomaliza: "Mukuti ndende yanu ndi yolimba. Ikhale yotseka mpaka Loweruka, tione. Simufa."

Sindifa. Koma.

Kenako nkhani ina. Wodula chingwe cha Dastan asankha kale. Pamafunika munthu woyenda mwachangu, wosapunthwa, wa mbiri yabwino, poti mwana amatengera mayendedwe a womudula. Ndinkaganiza mlamu. Ayi. Mayi Kulyash. Omwe aja. Ngati angavomere kupondanso pakhomo pathu, anatero apongozi, akundiyang'ana.

Ndinapita kwa mayi Kulyash. Kupepesa sindikudziwa bwino. Ndinaima pakhomo ngati mtengo, ndinati mayi, mowa unali wanga, kulakwa n'kwanga, mwana musamuwerengere.

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Mwanayo anathira bwino kuposa akazi a ana anga onse. Pang'ono, dzanja lamanja, maso pansi. Ndinatsala pang'ono kumwa chifukwa cha ulemu wake." Abwera. Anandipatsa maswiti a ana, n'kundiuza kuti ndimete.

Ndameta.

Lachisanu, 16 Juni

Nyumba yonse mafuta a mandasi. Akazi asanu kukhitchini, ine wotumidwa. Mipando kwa Vitya. Mwendo wa hatchi wafika, mlamu ndi munthu.

Apongozi apota chingwe, ulusi wakuda ndi woyera. Nsalu yoyera yoti Dastan adzayendepo yachapidwa. Kumapeto kwake adzaika zoti asankhe: buku, dombira (kagitala kathu ka zingwe ziwiri), ndalama, cholembera. Raushan akufuna buku. Ine ndanena kuti paikidwenso sipanala. Anati si mwambo. Ndinati mwambo wa kwathu ndi umenewo kuyambira mawa.

Dastan wayenda mapazi angapo kuchoka pa sofa kufika pa mwendo wanga. Anagwira thalauza, kuyang'ana m'mwamba. Ndinatuluka panja kukayang'ana geti lomwe linalibe vuto.

Raushan anafuna kuphimba firiji ndi nsalu ya patebulo. Ndakana. Chobisika ndiye ana amachifuna. Ikhale poyera, aione, aigwedeze.

Ndayesanso kakhola. Ndayesanso.

Lamulungu, 18 Juni

Zatha. Mutu ukuwawa ndi phokoso, osati ndi china.

Ana analipo ngati nyerere. Asanadye n'komwe anali atapeza ndende. Ana a mlamu, anyamata awiri osamva aja, anayesa ndi foloko, ndi waya, wina anakolekapo thupi lonse. Pobisalirana ndinaona kamtsikana kena kakukoka chitseko cha firiji. Sichinatseguke. Kanapita kukabisala kuseri kwa makatani. Ndinayang'ana Vitya, iye anayang'ana kumwamba.

Ndiye mwambo. Dastan pansalu yoyera, chingwe m'miyendo. Mayi Kulyash anapemphera, kudula kamodzi ndi mpeni, kumugwira manja, kumusiya. Maswiti kuwazidwa, akazi kufuula. Sipanala yanga ili pakati pa buku ndi dombira, ndinaiika ndekha.

Mnyamata anayenda. Buku analidutsa. Ndalama anaziponda. Sipanala sanaiyang'ane n'komwe. Anatsika pansalu, kukhotera kumanzere, chitseko cha khonde chili chotsegula chifukwa cha kutentha. Molunjika. Anthu onse pambuyo pake.

Anagwira kakhola ndi manja awiri. Kugwedeza. Kugwedezanso, nkhope yofiira.

 Raushan anatseka maso. Mlamu akudziluma milomo. Ine ndikuyang'ana kukamwa kwa mpopi, ndikupempha chitsulo changa chisandichititse manyazi.

Ngakhale dontho.

Anayamba ndi mayi Kulyash. "Mukuopa chiyani? Mowa sanauone. Wagwira chitsulo. Adzakhala wowotcherera ngati bambo ake." Nyumba inaphulika. Dastan analira chifukwa cha phokoso, ndinamunyamula, ndinamupsompsona pamutu pamaso pa anthu onse, ndilibe nazo ntchito.

Alendo atachepa apongozi anandiitana. Anatulutsa kiyi, atamumanga pa chidutswa cha chingwe chodulidwa chija. Anandiveka m'khosi okha. "Apa mpando sufika." Raushan anati firiji ikhale. Anawonjeza kuti ndiipake utoto, ikunyansa.

Dzulo sindinatsegule, ulemu kwa mayi Kulyash. Lero ndiye lero. Vitya wafika kale, ndamumva akukhala pakhonde, ndamuuza adikire ndimalize kulemba. Kapu yoyamba ndi yake, anaigwirira ntchito.

Ndikufuna ndibweze sipanala m'galaja, sindikuiona. Inatsala pansalu dzulo. Raushan akuti sanaitole.

Pakhonde pakulira kachitsulo. Ngati bawuti ikamamasuka. Vitya akuseka chamumtima, ndikumudziwa. Ndi mawu a Meruert, aulemu kwambiri: "Musadandaule amalume, simukhala ndi kouma, bambo akuchedwa koma ine ndatsala ndi bawuti imodzi yokha..."