Ndakwecha Mfuti ya a Reuben

Lolemba, 3 Juni 2024

Tsiku la 26 a Reuben ali m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja lofooka, mwendo wokoka. Lero anditchulanso "sisita", akundiyesa nesi. Zaka 24 za ukwati, ine sisita! Ndaseka pamaso pawo, ndakalirira kubafa.

Koma nditawaonetsa chithunzi cha mfuti yawo pafoni, maso tong'o. Atchula bwinobwino: "1875." Chaka chimene inapangidwa. Dzina la mkazi wawo lathawa, chaka cha chitsulo chilipo. Nsanje yandigwira, sindinama.

Dokotala wati atuluka Lolemba likudzali. Wati, "Muziwapatsa zinthu zimene manja awo anazolowera. Ubongo umatsatira manja." Ndiye chiyembekezo changa chonse chili pamfuti. Akaigwira, mwina ena tonsefe tibwerera m'mutu mwawo.

Lachiwiri, 4 Juni

Kuzizira. Spring Valley yonse, dera lathu kuno kudziko la eni, chifunga.

Mfuti zawo zilipo zitatu, m'kabati yagalasi ku sitade, chipinda chawo chowerengera. Zam'manja, zakalekale, za asilikali a pa akavalo a ku America. Siziwomba, anazitseka kalekale, mapepala a boma ali m'dirowa. Anayamba kutolera ali kusukulu kunja. Anzawo amatolera mapuloti ku Lilongwe, anga amatolera dzimbiri.

Yaitaliyo ndiye mkazi mnzanga. Akaweruka, tayi asanamasule, ili kale m'manja, chala chachikulu chikusisita pachogwirira, uku akuonera nkhani. Ine sindinaikhudzepo. Ankangoti, "Izi zisiyeni, mayi." Chifukwa chake osanena. Inenso osafunsa, kunyada.

Wodwala satulukira m'nyumba yauve, ndinakula choncho. Makatani ndachapa, mabulangete ndayanika, mapoto onse mbee. Mawa sitade.

Lachitatu, 5 Juni

Ndaikwecha! Sitiliwulu, phulusa la pambaula, maola atatu. Inali bii, pano ikuwala ngati poto wa mkwatibwi. Chogwirira chamatabwa chinali ndi thukuta la anthu la zaka 150, zipsera thoo. Sandipepa, kenako vanishi kawiri.

Zala zatupa koma mtima uli m'malo. Aone kuti mkazi alipo pakhomo pano. Ziwiri zotsalazo mawa.

Lachinayi, 6 Juni

Mulungu wanga.

Kunabwera a Fiskani, mnzawo wa kuofesi, kudzasiya ufa ndi chambiko zochokera kumudzi. Ndawatengera ku sitade monyadira. Atangoiona akhala pansi osawapatsa mpando. Kenako, "Alamu, bola mukanaiponya m'chimbudzi."

Kuda kuja sikunali litsiro ati. Ndiwo ukalamba wake, otolera amafuna komweko. Ndipo kumanzere kwa chogwirira kunali kachidindo, zilembo zitatu m'kabokosi, za mkulu amene anaiyesa isanaperekedwe kwa asilikali. Pamenepo ndi pomwe chala cha a Reuben chimasisita zaka zonsezi.

Ndinakaona. Ndinayesa ndi pamene panadya chiswe. Ndinalimbikira pomwepo mpaka see.

Sindinapite kuchipatala. Ndikanawayang'ana bwanji?

Loweruka, 8 Juni

Dzulo lonse kuyesa kubweza ukalamba. Mchere, viniga, masamba a tiyi, kuiika panja pamame. Yatuluka mawanga ofiira ngati chipere. Yaipiratu.

Lero misala yeniyeni. Ndaikulunga m'chitenje, pansi pa chikwama, pamwamba masamba a sukuma ndi tomato. Minibasi, kuno amati matatu, mpaka Kawangware. Panjira apolisi aimitsa galimoto, ine thukuta kamukamu kuzizira konseku. Mapepala ndinaiwala kunyumba! Mayi wa Mvano, mfuti m'masamba. Anangolankhula ndi dalaivala, tadutsa.

Ndimafuna Mose, kalipentala amene anatikonzera mipando. Nditafunyulula chitenje wadumphira kumbuyo: "Mama, toa hiyo kitu hapa!" Ati ndiichotse, safuna milandu. Ndalira pomwepo, pakati pa utuchi, anthu akuona. Wamva chisoni, watseka chitseko, wayang'ana chithunzi chakale pafoni. Wati zilembo akhoza kusema, maso anganamizike. Koma chala cha mwini wake ayi, m'mphepete mukhala mwakuthwa, pomwe zakalezo zinasalala ndi zaka.

Ndamupempha asemebe. Wakana. Wati munthu wodwala sanamizidwa. Kundilalikira kalipentala! Chopweteka n'chakuti sakunama.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi thupi lokha. Ulaliki sindinaumve.

Masana kuchipatala. Andilandira mwaulemu, ngati mlendo. "Zikomo, sisita." Kenako akweza dzanja lamanzere, alikunga ngati agwira kanthu, chala chachikulu chikuyenda pamphepo. Akundiyang'ana. Ndati ili bwino, ikukudikirani. Bodza latuluka losalala.

A Fiskani akuti ndiwapatse imodzi mwa ziwiri zinazo. Sizitheka, zimenezo sankazigwira n'komwe. Ndaganiza zonena kuti kunabwera akuba. Akuba otenga imodzi n'kusiya TV?

Mwana wathu Mtisunge anaimba kuchokera ku Zomba, mayeso ali mkati. "Adadi andikumbuka?" Ndati pang'onopang'ono, mwanangu. Sindinamuuze kuti chingwe chimodzi chomwe chinatsala ndadula ndine, ndi sitiliwulu.

Ambuye, ukhondo ndi tchimo kodi?

Lolemba, 10 Juni

Atuluka. A Fiskani atithandiza kuwakweza masitepe, kenako athawa, ati kuofesi kuli msonkhano. Amantha.

A Reuben makatani sanawaone. Chakudya akankha. Maso ku sitade basi.

Ndawakhazika pampando wawo. Ndagwada, ndaipereka ndi manja awiri, mutu pansi.

Aitembenuza. Ayang'ana kabati, ayang'ananso m'manja. Chala chapita pamalo pake. Chasisita. Chabwerera. Chafufuza m'munsi, m'mwamba, kuseri. Ine ndikungomva wotchi. Nkhope yawo yonse yofiira, ndati basi, sitiroko yachiwiri, ndawapha.

Kenako mawu, okokeka koma athunthu:

"Vailet. Ndinakuuza. Chilichonse umangokwecha, Vailet!"

Kawiri. Dzina langa kawiri.

Ndaseka, ndalira, ndawagwira miyendo. Andikankha ndi phazi labwinolo. Misozi ili mbwembwembwe, akulirira chitsulo chawo, ine ndikuthokoza Mulungu pamaso pawo. Sindinathe kudzigwira.

Lachitatu, 12 Juni

Dokotala wasangalala, wati ndi chiyambi chabwino. Dzulo a Reuben anafunsa za mayeso a Mtisunge. A Fiskani awatchula dzina, acheza nawo theka la ola.

Ine ayi. Mankhwala akulandira kwa nesi wobwera m'mawa. Phala ndikabweretsa, atembenukira kukhoma. Kiyi wa kabati amangirira pakhosi ndi chingwe cha nsapato.

Pamene ndinali sisita ankanditi zikomo. Pano akundidziwa bwinobwino.

Ndimaphika, ndimasiya pakhomo la sitade, ndimagogoda kamodzi.