Chigafa cha kumbuyo kwa a Makwinja

Loweruka, mwezi wa Meyi. Tsiku lowawa ngati kwinini.

A Makwinja, tenanti wa pa esiteti ya fodya ku Chiosya, anabwera kusitudiyo yathu ya paboda pano ndi chithunzi choti atumize kwawo ku Mulanje. Anajambulitsa atavala malaya ofiira, kumbuyo kwawo kuli chigafa choyanikamo fodya. Anandinong'oneza kuti chigafacho chichite chimbuuzi, poti kwawoko anthu amadziwa kuti iwo amagwira ntchito mu ofesi.

Ndinachita monga ndimachitira masiku onse pakompyuta. Chigafa chinazimiririka ndithu, koma kufiira kwa malaya kunatayikira m'mbali, munthu yense n'kuzunguliridwa ndi chifunga chofiira.

"Aaa, achimwene, ndikuoneka ngati ndikupsa," anatero.

Mayi a Tadala, mkazi wanga yemwe, anasiya makina a fotokope n'kundisuntha pampando. Anawadula a Makwinja pachithunzipo n'kuwaika padera. Dzenje lotsalalo analitseka ndi udzu wa chigafa chomwecho, kenako n'kuchititsa chimbuuzi. Atawabwezerapo, m'mphepete monse munali mwaudongo, ndi tsitsi lomwe.

"Mukawasiya momwemo, mtundu wa malaya umapakika kumbuyoko, bambo a Tadala," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Anaphunzira liti zimenezi? Kompyutayo ndinagula ndine. Dzina lili pakhomopo ndi langa.

Ndimayenera kunyadira, ndikudziwa. Koma potuluka, a Makwinja anati mawa akaweruka kutchalitchi abwera ndi anzawo a kuesiteti. Atagwira chitseko anatembenuka, n'kundifunsa ine, mwini situdiyo:

"Kodi amayiwa amapezeka Lamulungu?"