Chikho Chili Patali ndi Mphasa

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Marita wanu. Dzinja lachiwiri layandikira chikuikireni m'manda chaka cha njala chija. Kuno ku Likoswe tilipo, kungoti kukhalapo. Mng'ono wanga Rozina anachira bwino, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo ukali wake ndi inu nomwe. Nandolo anabereka, koma chimanga anankafumbwe achiyamba kale m'nkhokwe.

Chandigwiritsa pensulo ndi mkamwini wanu, bambo a Yohane. Titangokolola anadwala chibayo, tinawanyamula pamachila mpaka kuchipatala cha amishoni. Masabata asanu ndi limodzi anali chigonere, osazindikira munthu. Chifuwa chitapola, nyonga inali itatha. Miyendo ija ankakwera nayo phiri atasenza nsungwi inangotsala ngati mapesi. Ngakhale supuni inkawagwa m'manja.

Potitulutsa, asisitere anandionetsa zochita: kupinda ndi kuwongola maondo m'mawa ndi madzulo, kuwakhazika tsonga, kuwapatsa chitsononkho kuti azifinya. "Zimene angathe okha musamawachitire," anatero. Atayesa pamaso panga, bambo a Yohane anakuwa mpaka misozi. Mumtima ndinati, ha, munthu wosakwatiwa adziwa chiyani za mwamuna?

Kunyumba ndinakumbukira mawu anu aja, oti wodwala ndi dzira, sagwiridwa ndi dzanja limodzi. Ndinawadwazika monga munkadwazikira atate. Kuwamwetsa phala ndine, kuwatembenuza ndine, ngakhale kuwaingitsira ntchentche. Odzazonda ankanditama kuti ndatengera amayi anga. Ndipo ndinkanyada, chitsiru ine!

Miyezi iwiri itatha maondo anauma ali chipindire. Titabwerera nawo kuchipatala, asisitere anangogwira bondo, n'kundifunsa kuti ndawongola kangati. Ndinazyolika. Anati mwendo wamanja mwina ulola, koma wamanzere sakudziwa.

Panjira ndinaganiza za atate. Paja malungo aja anachira, si choncho? Koma zaka zitatu sanadzukenso pamphasa, inu muli pambali ndi chikho m'manja. Amayi, sindikukuimbani mlandu. Munachita zimene munkadziwa, ndipo munawakonda. Koma ganizo limeneli likundidya, ndipo ndilibe wina woti ndimuuze.

Tsopano ndasanduka mkazi wankhanza. Ndimawapaka mafuta a nsatsi n'kukoka mwendo iwo akubuula, ana n'kuthawira kuseri kwa khola. Chikho cha madzi ndimachiika patali ndi mphasa. Alamu anga a ku Ndunde atabwera Lamulungu n'kuona chikhocho, anagwira pakamwa. "Mwatopa nawo achimwene athu? Tipatseni tikawasamale kwathu." Akuti mwezi ukaoneka abwera ndi machila. Akawatenga akawasamaladi, ngati dzira, ndipo sadzapondanso pansi. Ndikuopa, Amayi.

Lero m'mawa anandipempha madzi katatu. Ndinakhala pakhomo n'kumasankha nandolo ngati sindikumva, misozi ikugwera m'lichero. Kenaka ndinamva mphasa ikukhwekhwerezeka. Anadzikoka ndi zigongono mpaka kuchifikira chikho, koma chinawapulumuka m'manja, madzi onse pansi. Anandiyang'ana nati, "Apongozi akadakhala moyo, sukadandizunza chonchi." Ananena zoona.

Ndinatunga madzi ena, chikho n'kuchibwezera pomwe chinali.

Mundikhululukire, mwana wanu ndakusiyirani mawu anu. Kukukondani kokha sindinasiye, ndipo tsiku silipita osakusowani. Koma ndikulonjeza pamaso panu kuti ngakhale adane nane, ngakhale mudzi wonse unditche mfiti, chikhocho sindiwapatsira m'manja. Mawa ndichisendeza patsogolo chikhatho chimodzi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Marita