Chithunzi cha furiji chasandutsa achemwali namapopa

Aphungu,

Ndapota ndithandizeni, pakamwa pangapa pandipalamulitsa. Ndine mtsikana wa zaka 21, ndimagulitsa m'sitolo pa Boma pano koma kwathu ndi ku Champhira. Achemwali anga a Emmie ndi dokotala wofufuza matenda a magazi, makamaka sikoselo, aja mwana amabadwa nawo n'kumatupa zala, magazi n'kumangomuthera. Ndi matenda omwewa anatilanda mlongo wathu Lyson ali ndi zaka naini. Pamaliro pake achemwali, ali Fomu 2, analumbira kuti matendawa adzawaphunzira mpaka kuwadziwa. Ndipo anachitadi!

Mwezi watha ndinalemba dzina lawo pa intaneti. Aphungu, ndinakuwa m'sitolo makasitomala ali pomwepo! Madokotala a ku Ghana, ku India, kaya kuti kaya kuti, akumatchula zolemba za achemwali m'mabuku awo. Loweruka lake ndinapita kumudzi, ndinapeza azimayi pachigayo, ine osaugwira mtima. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha achemwali ataima pa furiji yodzaza timabotolo. Ndinati, "Onsewa ndi magazi a ana, oposa sauzande, anawasonkhanitsa ndi a Emmie athu omwewa!" Kenako mayi wina anati, "Mbwenu magazi onsewo amapita nawo kuti?" Ine ndinangoseka.

Pano mudzi wonse ukuti achemwali ndi namapopa. Ana sakuseweranso pabwalo pathu, amawo akuwaletsa. Chondipweteka chomene n'chakuti mwezi wa mawa tili ndi mwambo wa chiliza cha Lyson. Amama anandiuza akulira kuti, "Umuuze asabwere. Ndinataya mmodzi, wachiwiri ayi." Koma achemwali sakudziwa kalikonse. Dzulo anaimba akuseka, akuti tchuthi apatsidwa, ndipo apeza kachithunzi ka Lyson atavala yunifomu koti adzaonetse amama. Ndiwanamize kuti mwambo wasinthidwa tsiku, kapena ndiulule kuti ndawaipitsira dzina ndine?

C.S., Mzimba Boma

Mwana wanga C.,

Pukuta misozi. Kunyadira mchemwali si mlandu. Unalakwa poonetsa anthu furiji usanawakumbutse chimene chinamuimika pafurijipo.

Bodza ayi. Muimbire Emmie lero, umuuze zonse, ndi zachigayo zomwe. Akhoza kukukalipira, umve, n'zoyenera. Koma munthu amene ntchito yake ndi ya magazi a ana mphekesera zotere si zachilendo kwa iye, ndipo adziwa poyambira kuposa iwe ndi ine. Chimene sangakukhululukire msanga n'kumva mochedwa kuti chiliza cha mlongo wake chinachitika iye atanamizidwa.

Ukatero kwera minibasi upite kumudzi, usatume uthenga. Kaone alangizi a zaumoyo a dera lanu ndi akulu a mpingo, uwapemphe kanthawi mapemphero akatha. Alangizi afotokoze okha kuti poyeza sikoselo amatenga timagazi tochepa, makolo atavomera, ndi kuti tikasungidwa mufuriji n'kuti tisawonongeke tisanayezedwe. Awafunsenso makolo amene ali ndi mwana wodwala matendawa ngati alipo wolola kulankhula. Mawu a mayi mnzawo adzalowa kuposa ako.

Ndipo amayi ako, ngati mtima ungawalole, akambe za Lyson. Azimayi a pachigayowo ndi omwe anatunga madzi pamaliro ake, anaziona zala zija ndi maso awo. Za ku Ghana ndi ku India uzisiye kaye m'thumba pamodzi ndi foniyo.

Koma chenjera. Mantha a amayi ako si achabe, mphekesera za anamapopa zinaphetsapo anthu osalakwa m'dziko muno. Ukamva wina akuopseza, dziwitsa mafumu ndi apolisi tsiku lomwelo. Mudzi ukapanda kuzizira, sunthani mwambowo poyera, Emmie akudziwa chifukwa chake. Chiliza ndi simenti, chingadikire mwezi wina. Kunjako akumudziwa kale kuti ndi dokotala. Ntchito yako ndi yoti pofika tsikulo, a ku Champhira akhale atakumbukira kuti akubwerayo ndi mlongo wake wa Lyson.