Amene Anakumba Manda a Amayi

Ulongwe,
14 Agosto 1987

Okondedwa Abambo,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Dedzako sichikukupwetekani mawondo monga chinkachitira kuno. Kalatayi ndapatsira a Valentim, amene amawolotsa kachewere panjinga pamalire a ku Kalomwe. Ine ndili bwino, kungoti ndakusowani kwambiri. Chaka chatha tsopano chithawireni, koma ndikamva njinga panja mtima umati ndinu.

M'kalata yapita ija ndinati amayi tinawaika bwino. Sindinaname, koma sindinanene zonse.

Mukukumbuka mmene munkasekera phunziro lija la mbiri ndi miyambo ya anthu a dziko lonse, limene ankatikakamiza ku koleji ya zaulimi ku Chimoio? Munkati, "Kodi nyemba zimamera ndi mbiri ya Aigupto?" Inenso ndinkaliona ngati lotaya nthawi. Koma tsiku lina purofesolo wathu, mayi wa ku Chile, anatiimiritsa mmodzimmodzi kuti tifotokoze mmene kwathu timaikira maliro. Ndinalowa ndikudziwa kuti mwambo wolongosoka ndi wathu wokha. Ndinatuluka ndi manyazi, chifukwa aliyense, Msena, Mshangana, Mmakua, anali ndi chifukwa chake pa chilichonse. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuyamba ndafunsa ndisanaseke.

M'kalasimo munali Amade, Msilamu wa ku Nampula, amene tsopano tikugwira naye ntchito ku ofesi ya zaulimi kuno.

Amayi atamwalira, mudzi unali mbee. Adzukulu onse okumba manda anali atathawa zigawenga, kunangotsala ife akazi ndi msuweni wanga Zeferino. Zeferino ananyamula khasu, koma azakhali a Marcelina anamulanda. "Iwe, wachibale sakumba manda a m'bale wake! Ukufuna utimalize tonse?" Mtembo unakhala masiku awiri m'nyumba.

Tsiku lachitatu Amade anayenda wapansi kuchokera ku Ulongwe kuno mpaka kumudzi, msewu umene ngakhale asilikali amauopa. Sanayambe ndi kukumba. Anakhala pansi pamaso pa azakhali n'kufunsa, "Amayi, kwanu kuno mumakumba bwanji? Ndiuzeni, ndisalakwitse." Azakhali anamulozera zonse, ndipo anakumba yekha mpaka manja anatuluka matuza. Pamene tinkapemphera kolona, iye anaima chapatali atawerama. Pomaliza azakhali anamuthirira madzi osamba m'manja monga tichitira ndi adzukulu, n'kumuuza kuti, "Ndiwe wathu."

Ndinabisa chifukwa ndinu akatekisiti, ndipo ndinkaopa kuti mudzati akazi anu anaikidwa ndi munthu wosabatizidwa. Koma ndinu nomwe munandiphunzitsa kuti mdzukulu sakhala wa m'banja. Mlendo ndiye amatiika, abambo.

Tsono nayi nkhani imene yandilemetsa dzanja. Amade akufuna kutumiza ankhoswe. Ine ndimamukonda, ndanena. Sanandipemphe kuti ndisiye tchalitchi, inenso sindinamupemphe kuti asiye mzikiti. Komabe popanda mawu anu sindivomera, ngakhale mtima undiwawe chotani. Amayi kulibe, ndipo sindingathe kutayanso inu.

Yankho mupatsire a Valentim omwewo, abwerera Loweruka.

Mundiperekere moni kwa atsibweni a Cassimiro ndi onse a kwathu amene muli nawo kumsasako. Azakhali akuti muzivala juzi. Amade nayenso akupereka moni. Anapempha kuti alembe yekha m'munsimu mawu oti "abambo", koma ndamuuza kuti adikire. Malo ake ndawasiya osalemba.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Rosária