Tsamba la pakati

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Chulu tilipo, koma ine lero ndachita manyazi. Alongo anu, a malume, anandipeza m'chigafa mwanu n'kundipatsa fodya kuti ndisankhe. Mwana wanu wa masamu a ku koleji anaika tsamba lofiira pamulu wa otuwa. A malume anaseka mpaka kutsokomola.

Komatu sanabwerere kuseka. Amati kafukufuku wanga ndimusiye, ndibwere ndizilima munda wanu, poti masamu opanda manambala iwo sanawaonepo. Chitisiyireni, mundawo akulima ndi mlongo wanga Esinati, ndipo mtedza wachita bwino. Mwezi watha anabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Koma a malume amati munda ugwire wophunzira.

Ndinayala masamba makumi awiri pamphasa, kuyambira lotuwa mpaka lofiira, monga munkachitira pondiphunzitsa. Ndinati, "A malume, ili ndi ili akusiyana?" Anati ayi. "Nanga ili ndi linzakeli?" Ayinso. Tinafika kumapeto, loyamba ndi lomaliza osafanana n'komwe. "Ndiye otuwa athera pati?"

Analoza tsamba lina, kenaka anabweza chala.

Ndicho chimene ndikufufuza, Amayi. Malamulo a kaganizidwe amene masamu onse aimapo amati chinthu n'choona kapena n'chabodza, basi. Ine ndikufuna malamulo olola choona pang'ono, koma osagwetsa masamu enawo. Aphunzitsi anga amayesa funsoli ndinalitola m'mabuku. Sadziwa kuti inu munkakweza tsamba la pakati, n'kuliyang'ana padzuwa, n'kuti, "Ili likuganizabe, liike pambali." Zikomo chifukwa cha kamulu kachitatu kaja. Ndikudyerabe pomwepo.

A malume njinga anaigwira katatu, katatu konse n'kuitsamiritsanso, kubwerera pamphasa kukasuntha masamba. Tiyi tinawaphikira kawiri. Esinati anayamba kusesa pafupi ndi mapazi awo, iwo osamva.

Dzuwa litapendeka a malume anatola tsamba analiloza lija, n'kuliika m'thumba la jekete. "Mayi ako ankandizunguza mutu chomwechi," anatero. "Munda alime Esinati. Iwe pita. Ukapeza pothera otuwa, udzandiuze ine poyamba, osati aphunzitsi akowo."

Apita tsopano, belu la njinga lamveka kuseri kwa chigafa.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikadzamaliza kafukufukuyu, ndidzabwera kumanda kudzakuwerengerani, ngakhale mudzati likuganizabe.

Ndine mwana wanu,
Yohane